Kodi Wantchito wa Boma Wosakhoma Msonkho Achotsedwe Ntchito?

Malipiro a munthu aliyense wogwira ntchito m'boma atuluka m'nkhokwe imodzi, ndipo nkhokweyo idzazidwa ndi msonkho wa anthu. Msilikali, kalaliki, woweruza milandu, ngakhale nduna yomwe, onse atapa m'menemo mwezi ndi mwezi. Tsono pali funso limene lioneka lopepuka munthu akangolimva, koma lilemera akayamba kulisenza: kodi munthu amene adya za m'nkhokwe, koma iye mwini sathiramo lichero lake, ayenera kukhalabe pantchito, kapena achotsedwe? Funsoli linautsa mkangano m'Nyumba ya Malamulo ya dziko la America kwa zaka zingapo, ndipo likhudza chikumbumtima cha Mkhristu, pakuti m'kati mwake muli nkhani ya chilungamo, ya kubweza za mwini, ndi ya nsima ya ana a munthu.

Zimene zinachitika ku America

Wowerenga wa kuno ku Malawi angadabwe, nati: nanga wantchito wa boma akhala bwanji ndi ngongole ya msonkho, pamene msonkho udulidwa pa malipiro iye asanawagwire m'manja? Ku America nakonso msonkho udulidwa chomwecho kuyambira chaka cha 1943, koma kudulako sikumaliza mlandu ayi. Chaka chilichonse, pofika pa 15 April, munthu ayenera kulembera boma kalata youlula zonse zimene anapeza m'chaka chapitacho: malipiro, lendi ya nyumba, phindu la kamalonda kapadera, ndi chiwongoladzanja cha ku banki. Atawerengera, ena apeza kuti boma linadula mopitirira, ndipo liwabwezera; ena apeza kuti zinaperewera, ndipo ayenera kuonjezera. Amene alephera kuonjezera, kapena sanalembe n'komwe kalatayo, ndiye agwa m'ngongole, ndipo ngongoleyo ikula ndi chindapusa ndi chiwongoladzanja. Palinso china. Mwamuna ndi mkazi akalemba kalata imodzi, monga achitira mabanja ambiri kumeneko, ngongole yonse ikhala pa aliyense wa iwo, kotero kuti mkazi wogwira ntchito m'boma angathe kufunsidwa msonkho wa sitolo ya mwamuna wake imene inagwa kale.

Bungwe lotolera msonkho m'dzikomo litchedwa Internal Revenue Service, kapena mwachidule IRS. Chiwerengero chake cha chaka cha 2011 chinasonyeza kuti antchito a boma pafupifupi 312,000, kuphatikiza asilikali ndi opuma pantchito, anali ndi ngongole ya msonkho yokwana madola pafupifupi 3.5 biliyoni. Ndalama zimenezi n'zambiri, ndipo anthu atazimva anapsa mtima. Komatu chiwerengero chomwecho chinali ndi mbali ina imene siinamveke kwambiri: mwa antchito a boma 100 alionse, angongole anali ngati atatu, pamene mwa anthu onse a m'dziko anali ngati asanu ndi atatu. Ndiye kuti antchito a boma anali okhulupirika pa msonkho koposa anzawo amene ankawaloza chala.

Phungu wina wa ku Utah, dzina lake Jason Chaffetz, anabweretsa bilu yakuti munthu wa ngongole yaikulu ya msonkho asalembedwe ntchito m'boma, ndipo amene ali kale pantchito achotsedwe. Biluyo siinali yankhanza monga imvekera. Inkakhudza okhawo amene boma linafika polembetsa chikole pa katundu wawo, ndipo inkapatula munthu amene anapangana ndi IRS zobweza pang'onopang'ono, ndi amene mlandu wake unali usanamvedwe. Nyumba ya aphungu inaivomereza mu 2012, koma nyumba yachiwiri, ya Senate, siinaikambe. Inabweranso mu 2013 ndi mu 2015, maulendo onse awiri pa tsiku lenileni la 15 April, pamene mitima ya anthu ili pa msonkho. Aphungu ambiri anaivomera, koma njira yachidule imene inatsatidwa inkafuna magawo awiri mwa atatu a ovota, ndipo sanakwane. Oikonda ankati munthu wodya msonkho wa anzake sayenera kuzemba wake. Oikana ankati boma lili nayo kale mphamvu yodula ngongole pa malipiro, ndipo kuchotsa munthu ntchito ndiko kutseka chitsime chimene ngongoleyo ikanatungidwamo.

Kodi kuzemba msonkho ndi tchimo?

Asanaweruze chilango, Mkhristu ayenera kudziwa kukula kwa cholakwa. Pa mfundo imeneyi Malembo sabisa mau. Afarisi ndi anthu a Herode atafuna kukola Ambuye Yesu ndi funso la msonkho wa Kaisara, monga alembera Mateyo Woyera pa mutu 22, Iye anaitanitsa ndalama, nawasonyeza chithunzi chinali pamenepo, nawaphunzitsa kuti boma lili ndi zake zoyenera kulandira, monganso Mulungu ali nazo zake. Paulo Woyera, polembera Akhristu a ku Roma pa mutu 13, anapitirira apo, pakuti anati kumvera akuluakulu kusakhale kwa mantha a chilango okha, koma kwa chikumbumtima, ndipo pomwepo anatchula msonkho. Tsono boma limene Paulo ankanena silinali la Akhristu ayi; linali la Nero.

Kunali akatswiri ena a za makhalidwe m'zaka zapitazo amene ankaphunzitsa kuti lamulo la msonkho limanga thumba lokha, osati mtima: ndiye kuti munthu akazemba osagwidwa alibe tchimo, koma akagwidwa alipire chindapusa popanda kudandaula. Chiphunzitso chimenechi chinkakoma m'makutu a amalonda, ndipo n'chosadabwitsa kuti chinakhalitsa. Koma Eklezia sanachitsate. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, mu 1965, unadzudzula anthu amene azemba misonkho yoyenera ndi machenjera osiyanasiyana. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992 aika kukhoma msonkho pansi pa lamulo lachinayi, pa nambala 2240, pamodzi ndi kuvota ndi kuteteza dziko. Ndipo pa nambala 2409 awerengera kuzemba msonkho pakati pa zoletsedwa ndi lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba. Chifukwa chake n'chapafupi kumva. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo pamene anthu khumi anyamula denga, mmodzi akaweramitsa mutu mwakabisira, dengalo silipepuka, koma lilemera pa makosi a asanu ndi anayi otsalawo.

Kunena zoona, msonkho nawo uli ndi malire ake. Uyenera kuikidwa ndi boma loyenera, pa zolinga zothandiza onse, ndiponso molingana ndi mphamvu za munthu. Papa Leo XIII mu 1891 anachenjeza maboma kuti asamalize chuma cha anthu ndi misonkho yopyola muyeso, ndipo Papa Yohane XXIII mu 1961 anabwereza kuti katundu wa msonkho agawidwe monga mwa kupeza kwa aliyense. Koma wantchito wa boma sangabisale kumbuyo kwa mfundo imeneyi. Amene alandira malipiro a boma tsiku lomaliza la mwezi popanda kufunsa ngati bomalo lili loyenera, sangayambe kulikayikira pa tsiku la msonkho.

Angongole sali amodzimodzi

Cholakwa chilipo ndithu. Nanga chilango? Apa ndi pamene nkhani ifuna kufatsa, pakuti mau akuti "wosakhoma msonkho" aphimba anthu osiyana ngati usana ndi usiku.

Pali munthu amene anasokera m'mapepala. Malamulo a msonkho a ku America ndi nkhalango yowirira, ndipo ngakhale ophunzira amasokeramo. Munthu wotere alibe tchimo lalikulu, pakuti tchimo lalikulu lifuna kudziwa ndi kufuna. Ali ndi ngongole yokha, ndipo akaidziwa ayenera kuibweza. Pali wina amene anagwa m'tsoka: matenda a mwana anadya zonse, ukwati unatha, nyumba inalandidwa. Iyeyu adziwa ngongole yake, afuna kubweza, koma m'thumba mulibe. Kawirikawiri cholakwa chake chenicheni si umphawi ayi, koma manyazi: makalata a IRS abwera, iye awaponya m'kabati osatsegula, chindapusa chikukula. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Mkatekisiti akakumana ndi munthu wotere, ngakhale ngongole yake ikhale ya msonkho, ya sitolo kapena ya mbale wake, thandizo loyamba ndi kumlimbitsa mtima kuti apite akaonekere kwa mwini ngongole, akapangane.

Ndipo pali wachitatu, amene ali nazo, adziwa, nakana. Abisa phindu, alemba zonama, achenjezedwa kawiri katatu, nangoseka. Za ameneyu ndiye funso la kuchotsedwa ntchito liyenera kufunsidwa. Kuika onse atatu m'thumba limodzi ndi kuweruza kwa ulesi.

Thomas Aquinas Woyera aphunzitsa kuti zilango za pansi pano zikhala ngati mankhwala: cholinga chake ndi kuchiritsa wolakwa ndi kuteteza mudzi, ndipo muyeso wake ulingane ndi nthenda. Sing'anga wodula mwendo chifukwa cha chilonda cha pachala sayamikidwa. Tsono pa ngongole ya msonkho mankhwala oyamba alipo kale, ndipo ali m'manja mwa boma. Lamulo la 1997 linapatsa IRS mphamvu yodula magawo 15 mwa 100 a malipiro a wantchito wa boma nthawi iliyonse yolandira, kufikira ngongole itatha. Palibe wangongole wina wosavuta kumgwira ngati iyeyu, pakuti ndalama zake zidzera m'manja mwa mwini ngongole zisanafike kwa iye. Akachotsedwa ntchito, boma litsala ndi chiyani? Litsala ndi pepala la ngongole, ndi banja limene mwina lidzafuna chithandizo cha boma lomwelo.

Chilamulo cha Mose chinaiona kale nzeru imeneyi. M'buku la Deuteronomo, pa mutu 24, wokongoza aletsedwa kutenga mphero ngati chikole, ngakhale mwala wake wapamwamba wokha, chifukwa potero atenga moyo wa munthu. Mayi aliyense amene anaperapo mawere adziwa kuti mphero yopanda mwana wake ndi mwala wachabe. Ntchito ya munthu wa m'tauni ndiyo mphero yake. Ndipo popeza malipiro a bambo kapena mayi ndiwo adyetsa banja, monga anaphunzitsira Papa Pius XI mu 1931, chilango cha kuchotsedwa ntchito sichigwera wolakwa yekha. Chigwera mwana amene sadziwa n'komwe kuti msonkho n'chiyani. Anthu a dziko lino ali nacho chikumbutso chowawa cha chilango chotere. Msonkho wa nyumba utayamba m'zaka za m'ma 1890, pa nthawi ya Harry Johnston, nyumba za olephera kukhoma zinkatenthedwa, ndipo akazi ankagwidwa kufikira amuna awo atapeza ndalama. Msonkho unkatoleredwa ndithu, koma pamodzi ndi msonkhowo boma linkakolola chidani chimene chinakhala mibadwo.

Wokhometsa msonkho ali ndi mlandu wapadera

Koma chifundo chisasanduke chophimba chinyengo. Pali maudindo ena amene maziko ake ndi kukhulupirika pa ndalama, ndipo munthu wa udindo wotere akazemba msonkho mwadala, wagwetsa yekha mzati wa nyumba imene akhalamo. Dziko la America linaizindikira mfundoyi lisanakambe bilu ya Chaffetz. Lamulo la 1998 lokonzanso IRS linatchula zolakwa khumi zimene chilango chake ndi kuchotsedwa ntchito kwa wantchito wa bungwelo. Antchitowo anazipatsa dzina loti machimo khumi akupha, ngakhale katekisimu adziwa mizu ya machimo isanu ndi iwiri yokha. Ziwiri mwa zolakwazo ndi kusalemba dala kalata ya msonkho, ndi kuchepetsa dala msonkho woyenera kukhoma. Mau oti "dala" ndiwo mtima wa lamulolo. Ndipo mkulu wa bungwe yekha ndiye anapatsidwa mphamvu yochepetsa chilango.

Lamulo limeneli n'lolungama. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima: amene wavomera ntchito yolanda katundu wa anzake chifukwa cha msonkho wavomeranso kuyesedwa ndi muyeso wothina koposa. Fanizo la pa Mateyo mutu 18 lifika pamenepa ngati kuti linanenedwera nkhani yomweyi. Mtumiki wa mfumu anali ndi ngongole ya matalente 10,000, ndipo chigamulo choyamba chinali chakuti agulitsidwe pamodzi ndi mkazi ndi ana ake. Atapempha, mfumu inamkhululukira. Ngongole yokha siinamtayitse. Chimene chinamtayitsa n'chakuti potuluka anagwira pakhosi mtumiki mnzake chifukwa cha madinari 100. Wokhometsa msonkho amene asainira kalata yolanda galimoto la mlimi m'mawa, pamene m'kabati mwake muli ngongole imene iye wabisa dala, ndiye mtumiki ameneyo.

Mfundoyi siili kutali ndi bwalo la tchalitchi. Mkulu wa mphakati amene ayenda khomo ndi khomo kutolera mtulo, pamene khadi lake lili lopanda kanthu zaka zitatu ngakhale nkhokwe yake ili yodzaza, sangapitirize ntchitoyo. Sachotsedwa mu Eklezia ayi. Koma thumba lipatsidwa kwa wina.

Komabe n'koyenera kuona kuti ngakhale pa okhometsa msonkho, Uthenga Wabwino sufulumira kunena za kusiya ntchito. Amsonkho atabwera kwa Yohane Mbatizi kudzafunsa chochita, monga asimbira Luka Woyera pa mutu 3, iye sanawauze kuti atule pansi udindo, koma kuti asatolere zopitirira zimene analamulidwa. Zakeyo, mkulu wa amsonkho wa ku Yeriko, analonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake ndi kubweza kanayi zimene analanda monyenga. Koma Luka salemba kuti anatseka ofesi yake. Chimene chifunidwa poyamba ndi kubweza. Wansembe m'kalapiro afunsanso chomwecho: wotenga za mwini sakhululukidwa ngati akana kubweza pamene angathe, koma amene ali ndi mtima wobweza, ngakhale pang'onopang'ono, satsekeredwa khomo.

Nanga lamulo la 1998 linayenda bwanji? Mu 2015 ofesi yoyendera ntchito za IRS inaulula kuti pa zaka khumi, kuyambira 2004 kufikira 2013, antchito 1,580 a bungwelo anapezeka ataswa dala malamulo a msonkho, ndipo mwa 100 alionse, 61 sanachotsedwe, koma analandira zilango zochepa monga kudzudzulidwa kapena kuimitsidwa masiku owerengeka. Mphamvu yochepetsa chilango ndi yabwino, pakuti lamulo lopanda khomo la chifundo lipha osalakwa. Koma chifundo chikagwera ambiri chotero popanda zifukwa zomveka kwa onse, anthu ayamba kufunsa ngati chili chifundo kapena kukondera.

Muyeso wa akulu ndi muyeso wa ang'ono

Kukondera ndiko kuwawitsa nkhani yonseyi. Mu January 2009, Timothy Geithner atasankhidwa kukhala nduna ya za chuma, kunadziwika kuti pa malipiro amene analandira kuchokera ku International Monetary Fund, pakati pa 2001 ndi 2004, sanakhome msonkho wina wokwana madola pafupifupi 34,000. Iye anati kunali kusasamala, osati dala, ndipo anabweza. A Senate anamvomereza, nakhala nduna yoyang'anira unduna umene IRS ili pansi pake. Patangopita masiku ochepa, Tom Daschle, amene anasankhidwa kukhala nduna ya za umoyo, anadzichotsa yekha zitamveka kuti anachedwa kukhoma madola oposa 120,000, makamaka pa galimoto ndi dalaivala zimene anapatsidwa ndi munthu wina wamalonda. Si ntchito ya nyuzipepala kuweruza mitima ya anthu awiriwa. Koma kalaliki wamng'ono wa ku positi ofesi angafunse mwachilungamo: ngati mau akuti kunali kusasamala anamveka pakamwa pa katswiri wa za chuma, alekerenji kumveka pakamwa pa munthu amene sanaphunzire za ndalama? Akale anati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo ananena modandaula, osati moyamikira. Malembo atembenuza muyesowo: amene anapatsidwa zambiri ndiye adzafunsidwa zambiri. Lamulo lochotsa anthu ntchito likayamba pansi, n'kulephera kukwera masitepe, liphunzitsa anthu kuti msonkho ndi ukonde wogwira matemba okha.

Choncho munthu wofuna kuweruza molungama sayamba ndi kufunsa kuti ngongole ndi ndalama zingati. Ayamba ndi kufunsa ngati wolakwayo anadziwa, ngati akanatha kukhoma, ngati anachenjezedwa napatsidwa mpata wodziyankhira pamaso pa woweruza wosakondera, ndi ngati udindo wake uli wosunga kapena wotolera chuma cha anthu. Woyendetsa galimoto la boma amene ali ndi ngongole adulidwe malipiro, ayendetsebe galimoto. Wokhometsa msonkho kapena nduna imene yanama dala ichoke, ngakhale itabweza, pakuti chimene yataya si ndalama koma chikhulupiriro cha anthu. Ndipo wouma mutu wa udindo uliwonse, amene mankhwala onse ayesedwa pa iye nalephera, sangadandaule akauzidwa kuti nkhokwe yamtsekera.

Patsala mbali imodzi imene aphungu sanaikambe kwambiri. Chilungamo cha pakati pa bwana ndi wantchito chiyenda mbali zonse ziwiri, ndipo kumana wantchito malipiro ake ndi limodzi mwa machimo amene katekisimu ati afuulira kumwamba. Kuyambira pa 22 December 2018 kufikira pa 25 January 2019, masiku 35, atsogoleri a ku Washington atalephera kugwirizana za ndondomeko ya chuma, antchito a boma pafupifupi 800,000 sanalandire malipiro. Oposa theka la iwo analamulidwa kugwirabe ntchito osalandira kanthu, ndipo pakati pa oitanidwa kubwerera ku maofesi panali antchito zikwizikwi a IRS, amene anafunika kuti akonzekere nyengo yolandira makalata a msonkho. Malipirowo anadzaperekedwa boma litatsegulidwanso, koma popanda chiwongoladzanja, ndipo palibe phungu kapena nduna imene inachotsedwa ntchito chifukwa cha kuchedwako.